Edwell Chikafa, Matako a Ng'ombe ya ku George

Ku George, komboni ina ya mu Lusaka, mukafunsa anthu akale za Edwell Chikafa, ambiri amapukusa mutu n'kunena kuti dzinalo salidziwa. Koma mukangoti "ba Matako", nkhope zimamasuka, ndipo sipalephera nkhalamba ina yodzuka pampando kuti ikuonetseni mmene munthuyo ankaponyera chiuno. Ntchito yake yeniyeni inali yosula malata. Ankapanga ndowa, mbaula, mabafa ndi timafanelo tothirira palafini, pa kashedi kake kumapeto kwa msika. Koma kwa zaka zoposa makumi awiri, pafupifupi Loweruka lililonse, Edwell ankakhala theka lakumbuyo la ng'ombe.

Bambo ake anali Mngoni wa ku Ntcheu amene ananyamuka kwawo akuti akupita kumigodi, koma nsapato zinawathera pa Lusaka, napeza ntchito yophikira mzungu wa njanji, osapitiriranso. Edwell anabadwira momwemo m'tauni. Anali wamfupi, wamsana wotambalala ngati chitseko, ndiponso wosalankhula. Munthu ankatha kumubweretsera ndowa yodontha n'kumukhuthulira mavuto onse a m'banja mwake, iye n'kungomuuza kuti abwere mawa: "Mubwele mailo."

Pafupi ndi shedi yake pankaima Chilekwa Mukupa, Mbemba wa ku Mufulira, wogulitsa mankhwala a makoswe. Uyu ndiye anali ndi pakamwa pa anthu awiri. Iye ankati kumgodi anamuchotsa chifukwa cha ndale, koma omudziwa ankati anamuchotsa chifukwa anzake ankaiwala kukumba pomvetsera nthabwala zake. Anali wamtali, wamano oyera, ndipo akayamba kutamanda mankhwala ake, ngakhale amene kunyumba kwake kunalibe khoswe ankagula.

M'chaka cha 1964, kutatsala milungu itatu kuti mbendera yatsopano ikwere, akuluakulu a m'komboni analengeza kuti aliyense amene ali ndi chosangalatsa abwere nacho pa chikondwerero. Amayi a kutchalitchi anali ndi kwaya yawo, ovina gule wa kalela anali ndi ng'oma zawo. Chilekwa anatulukira pa shedi ya Edwell atanyamula nyanga ziwiri zonunkha zimene anapempha kubutchala.

"Mune, tipange ng'ombe," anatero, pomutchula "mnzanga" m'chiyankhulo cha kwawo.

"Ya chani?"

"Ya kusekesa bantu. Dzina ni Dona. Izayenda monga uja mkazi wa mzungu wa pafamu, wamene anali kutithamangisa na galu tikayenda ku nkhuni."

Edwell anaziyang'ana nyangazo, nayang'ana mnzakeyo, n'kumuuza kuti abwere mawa. Mawa lake Chilekwa anapeza mutu wa waya ndi malata utatha kale, maso ake a pansi pa mabotolo, nsidze za tsache zopindikira m'mwamba. Chikopa anachisoka ndi masaka a ufa asanu ndi limodzi. Mchira unali chingwe chomangira mbuzi. Koma chimene Edwell anatayirapo nthawi yambiri ndi bere: analidula ku chubu cha galimoto, naikapo nsonga zinayi za paipi ya rabala, kuti munthu akalifinya m'kati madzi azituluka ngati mkaka weniweni.

Funso lakuti ndani akhale kutsogolo silinafunsidwe n'komwe. Chilekwa anangovala mutu uja, ndipo mawu anamveka ali m'kati mwa malata: "Iwe ndiwe mufupi, kuwelama sikuzakuvuta."

Tsiku la chikondwerero dzuwa linali la Okutobala, lija losungunula phula pamsewu. Anawaimika pambali pa bwalo la mpira kuti adikire zolankhula zithe. M'kati mwa masaka, ufa wotsalira unasakanikirana ndi thukuta, moti Edwell ankadzimva ngati mbatata yophikidwa ndi makoko ake. Sankaona kanthu koma thalauza la Chilekwa ndi fumbi la pansi. Ndiye kunapezeka kuti malo amene anawaimikapowo panali pa dzenje la nyerere zoluma. Nyererezo zinakwera mwendo wa Edwell, zinalowa m'kabudula, n'kuyamba ntchito yake. Manja sakanatha kuwachotsa pa lamba wa Chilekwa, chifukwa ng'ombe ikanaduka pakati anthu akuona. Anayamba ndi kupondaponda. Zitakanika anatembenuza chiuno. Zitakanikanso anachiponya uku ndi uku, mchira ukuwomba mphepo, bere likudumpha.

Pa nthawiyo mkulu wina anali pakati pofotokoza mmene makolo athu anavutikira. Anthu amene anali atatopa ndi dzuwa anacheuka, n'kuona ng'ombe yaima chilili kutsogolo, mutu uli m'mwamba mwaulemu ngati msilikali, pamene kumbuyo kwake kwayaka moto. Woyamba kuseka anali mayi wina wa kwaya. Kenako bwalo lonse linagwa. Mkulu uja anayesa kukweza mawu, koma pomaliza nayenso anachita kugwira pamimba. Chilekwa, amene sankadziwa chimene chikuchitika kumbuyo kwake, anaganiza kuti anthu akuseka nsidze zija, choncho anaimabe mwaulemu kwambiri, ndipo izi zinangothira palafini pamoto.

Umu ndi mmene Dona anabadwira, ndipo sewero lake silinasinthe kwenikweni: kutsogolo ulemu, kumbuyo chipongwe. Anawaitana pa maukwati, m'maholo a ku Matero, pa masiku otsekera sukulu, mpaka ku Chawama ndi ku Kalingalinga. Chilekwa ankapeka nkhani zake. Panali ya Dona wokana udzu, wofuna tiyi wa m'kapu ndi sosala. Panali ya Dona pa sikelo ya amayi oyembekezera. Imene anthu ankaikonda koposa inali ya Dona woperekedwa ngati malowolo: ankapita kukamununkhiza mkwati kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kugwedeza mutu movomereza, koma potembenuka mwendo wakumbuyo n'kumuponda mkwatiyo pathako. Mtsikana akadutsa pampopi akudzigwedeza, amayi ankati, "Onani Dona." Mwini thaveni ina analemba munthu kuti amujambulire ng'ombeyo pakhoma, ndipo wojambulayo penti yambiri anaithera kumbuyo.

Komabe Edwell palibe ankamudziwa. Sewero likatha, Chilekwa ankavula mutu, mano mbee, anthu n'kumukuwira, amayi n'kumupukuta thukuta ndi zitenje zawo. Pa nthawi yomweyo Edwell ankatuluka chafutambuyo pansi pa mchira, ali mbuu ndi ufa, n'kukakhala pamthunzi kuwongola msana. Tsiku lina anawaitana ku wailesi. Chilekwa anapita yekha. Atabwerako anati, "Usakwiye, mune. Pa wailesi matako samveka."

Analinso ndi vuto lina limene okhala kutsogolo sangalimvetse. Chilekwa ankakonda nyemba ndi mowa wamasese. Edwell anakhazikitsa lamulo lakuti Lachisanu nyemba ayi, Chilekwa analumbira pa dzina la mayi ake, koma lamulolo linkathyoledwa mwezi uliwonse. Anthu ankadabwa kuti chifukwa chiyani masiku ena Dona amadziponda yekha miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo ankaseka poyesa kuti ndi sewero.

Edwell anakwatira mu 1968. Elina anali mwana wa mkulu wa mpingo ku Chawama, mtsikana wolankhula mosapsatira, ndipo ankadziwa kuti akukwatiwa ndi mmisiri wa ndowa. Patapita sabata ziwiri, akusesa, anakoka chingwe chimene chinatulukira pansi pa bedi, ndipo chingwecho chinabwera ndi ng'ombe yathunthu. Edwell atafika kudzadya masana anamupeza atakhala pakhomo, maso ali psuu.

"Ba Edwell, ni imwe Dona?"

"Hafu chabe."

"Hafu iti?"

Edwell anayang'ana pansi. Elina anagwira kumutu. "Mayo ine! Banzanga bakwatiwa na ma kalaliki, ine nakwatiwa na muchila!"

Analira mpaka misozi inatha. Kenako anatenga chikopa chija kuti akachitaye kudzala, koma ali m'njira anaona kasokedwe kake, n'kuima. Anabwerera nacho akung'ung'udza kuti munthu amene anasoka zimenezi ayenera kumangidwa. Anachiphwasula chonse, nachisokanso bwino, naikamo mawanga a nsalu yakuda. Kutchalitchi ankanenabe kuti masewera a ng'ombe ndi achikunja, koma Loweruka lililonse Dona ankatuluka m'nyumba atachapidwa.

Zaka zinapita, dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo m'chigawo cha Edwell munadzuka tcheyamani dzina lake Benedict Sampa. Kale ankakonza njinga pansi pa mtengo, ndipo anthu ankangomuti Bene. Tsopano anali ba Tcheyamani, wovala suti ya safari ya mtundu wa phulusa ngakhale popita kuchimbudzi, woima pachipata cha msika ndi anyamata ake kufunsa khadi la Chipani kwa nkhalamba zodzagula tomato. Pofika 1979 zinthu m'masitolo zinali zitayamba kubisala. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse zinali za pamzere, ndipo kawirikawiri munthu ankafika kutsogolo kwa mzere n'kungomva kuti zatha.

Chaka chimenecho kunamveka kuti kukubwera bwana wamkulu wa ku boma kudzalankhula pa bwalo la mpira. Benedict anaitanitsa eni ng'ombe ku ofesi yake, nawauza kuti nthawi yoseketsa anthu pachabe inatha, tsopano Dona aphunzitse mtundu. Sewero analipeka yekha. Abwere munthu wopanda khadi adzakame, ng'ombe ikane. Kenako abwere iye mwini, aonetse khadi kwa anthu ndi kwa ng'ombe, akhale pa kampando, ndipo mkaka utuluke mpaka ndowa idzaze.

"Mwamvela? Idzale. Bwana aone kuti mu George muli chitukuko."

Edwell, amene sankalankhula pa misonkhano, anakweza dzanja. "Ba Tcheyamani, mukaka tizauchosa kuti? Mu shopu mulibe."

Benedict anamuyang'ana ngati wamutukwana. "Ndiye vamene sitifuna ivo. Sungunula unga mu manzi, bwana sazalawa."

Ufa umene unkapezeka masiku amenewo unali wamgaiwa, wokhakhala. Edwell anausungunula m'mawa, nauthira m'bere, ndipo poyesa unatuluka bwinobwino. Chimene sanaganizire n'chakuti bwana adzachedwa maola atatu, n'kulankhula enanso awiri. Nthawi yonseyo bere linali pakati pa dzuwa ndi mimba ya Edwell, ufa ukufufuma pang'onopang'ono.

Gawo loyamba linayenda bwino. Wopanda khadi anakama, osatuluka kanthu, Dona n'kumuponda, anthu n'kuseka pang'ono mwaulemu. Ndiye Benedict anatulukira, khadi lili m'mwamba. Analionetsa kumpoto ndi kumwera, analionetsa kwa bwana, analiika pamphuno pa ng'ombe, Chilekwa n'kugwedeza mutu mogonja. Anakhala pa kampando, anapinda manja a suti, nakoka nsonga yoyamba. Sipanatuluke kanthu. Anakoka yachiwiri. M'katimo Edwell anali akufinya ndi mphamvu zake zonse, koma chimene chinali m'bere sichinalinso madzi. Linali phala.

"Chosa mukaka, iwe," Benedict ananong'oneza m'nthiti mwa ng'ombe.

"Niyesa, ba Tcheyamani."

Bwalo linali zii. Benedict anatulutsanso khadi, n'kulionetsa kwa bere lenilenilo. Pamenepo mayi wina kumbuyo kwa gulu anakuwa ndi mawu enieni a wogulitsa m'sitolo katundu akatha: "Wasila! Mubwele mailo!" Wina anawonjeza kuti, "Imani pa laini, ba Tcheyamani!" Kuseka kunayamba ngati mvula yochokera kutali. Benedict, thukuta lili kamukamu, anagwira nsonga ziwiri n'kukoka ngati akuzula chinangwa, pa nthawi yomweyo Edwell anakanikiza bere ndi bondo. Paipi inazuka. Phala lonse la maola asanu, lofunda bwino, linatuluka kamodzi n'kumumata Benedict kuyambira pachipumi mpaka m'thumba la suti.

Anthu anagubuduka pansi. Amayi a Chipani amene anavala zitenje zofanana anabisa nkhope m'mipango, mapewa akugwedezeka. Bwana wamkulu anatulutsa kansalu n'kudzitseka pakamwa ngati akutsokomola, ndipo anatsokomola choncho mpaka anakalowa m'galimoto.

Anyamata a Benedict anaimanga ng'ombeyo yathunthu. Sanalole kuti avule. Anaikoka ndi chingwe m'khosi kudutsa mumsika dzuwa likuswa mtengo, khamu likutsatira pambuyo, phala likudontha m'njira. Ku ofesi ndi kumene anawatulutsa, n'kuwakhazika pansi pa simenti. Benedict anali atasamba kumaso, koma m'khutu munali mukadali zoyera.

"Nifuna kuziba wamene anapanga pulani iyi," anatero.

Chilekwa, munthu amene pakamwa pake sipanagonepo, tsiku limenelo anachita mantha. Anali atamva za anthu amene anatengedwa n'kukabwera patapita chaka ali opanda mano. "Ba Tcheyamani, ine nili kusogolo," anatero. "Munaona mweka, khadi ninaivomela. Va kumbuyo siniviona." Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anaona kuti Benedict sanakhutire, ndiye anawonjeza: "Elo uyu ni mu Nyasa. Mitima yao sitiiziba."

Edwell anatembenuka n'kumuyang'ana mnzakeyo nthawi yaitali. Zaka khumi ndi zisanu anali atagwira lamba wa munthu ameneyu. Anatulutsa chitupa chake m'thumba, chonyowa ndi thukuta, nachiika patebulo. Benedict anachitembenuza uku ndi uku, nanena kuti mapepala amagulidwa, ndipo akafuna akhoza kumukweza lole ya ku malire mawa lomwe.

"Ku Malawi sinikuziba, ba Tcheyamani," anatero Edwell. "Mukanipeleka, munipase na munthu wonilangiza njila."

Chimene chinamupulumutsa ndi Elina. Anafika ndi amayi a chigwirizano cha kutchalitchi khumi ndi awiri, atavala yunifolomu, nakhala pakhonde la ofesi n'kuyamba kuimba nyimbo za maliro. Anaimba osapuma. Pofika nyimbo yachisanu ndi chimodzi Benedict anatopa, nagamula kuti mutu wa ng'ombe walandidwa ndipo ukhala mu ofesi, Edwell achoke pamsika, Dona asaonekenso. Chilekwa sanalangidwe. Patapita sabata anakwera sitima ya ku Kitwe osatsanzika.

Edwell anasamutsira nyundo zake pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, akuganiza kuti banja lake lifa ndi njala. Koma m'mawa woyamba anapeza anthu asanu ndi atatu akumudikira ndi ndowa. Zina mwa ndowazo zinalibe bowo lililonse. Anthu ankangofuna kuona nkhope ya munthu amene anadyetsa tcheyamani phala. Dzina la ba Matako linayamba sabata imeneyo, ndipo Elina analimbana nalo mwezi wathunthu asanagonje. Edwell ankayesa kufotokoza kuti inali ngozi, kuti vuto linali mgaiwa, koma anthu ankangomutsinzinira diso n'kunena kuti, "Taziba, mudala, taziba."

Patatha chaka, mkwiyo wa Benedict utazirala, Edwell anasula mutu wina. Anaganiza kuti nthawi yake yokhala kutsogolo yakwana. Kumbuyo anaikako mlamu wake Moven, womanga nyumba, bambo wa ana anayi amene anavomera chifukwa choopa Elina. Anapita pa ukwati wina ku Matero. Atalowa pabwalo, Edwell anasuzumira pa mabowo a mphuno, ndipo kwa nthawi yoyamba anawaona anthu amene anakhala akuwaseketsa zaka zonsezi. Anali mazana, pakamwa pali yasa, mano ndi nkhama, maso onse ali pa iye, kudikira. Moven anamutsina, anamukankha, anamutukwana chapansipansi, koma ng'ombe inangoti njo ngati chithunzi. Kenako inatembenuka, inatuluka pachipata, n'kuyenda msewu wonse mpaka ku George osaima. Mutu watsopanowo Edwell anauphwanya n'kupangira mbaula.

Nzeru yotsatira inachokera kwa Elina. Anati lamulo linaletsa Dona, ndipo Dona ndi uja ali mu ofesi. Za thupi lopanda mutu palibe ananenapo. Anamanga khosi la ng'ombe ndi chingwe ngati thumba la makala. Edwell anapanga miyendo yakutsogolo ya matabwa, naiika pa mawilo a ngolo ya mwana, kuti azikankha yekha ali m'kati. Ng'ombe yopanda mutu inayamba kuoneka pa maukwati, ikuwomba mitengo, ikugwera m'ngalande, kumbuyo kukuvina ngati palibe chalakwika. Elina yemwe uja wa chigwirizano ndiye ankaikoka ndi chingwe, nkhope ili gwa. Anthu ankadziwa chofunsa.

"Amai, mutu uli kuti?"

"Uli ku ofesi, uchita miting'i."

"Nanga iyenda bwanji yopanda mutu?"

"Monga mwamene tiyendela tonse."

Benedict anamva zimenezi, anatuma anthu kukaonera, koma sanachitepo kanthu. Kuti aletse, akanayenera kufotokoza pagulu chimene ng'ombeyo ikutanthauza, ndipo palibe tcheyamani amene akanafuna kuti mawu amenewo atuluke pakamwa pake.

Chilekwa anabwerera mu 1986, atawonda, mano awiri akutsogolo palibe, akutsokomola. Anafika pa mtengo wa mango masana, naima pataliko ngati munthu wodzagula. Edwell anapitiriza kukhoma. Patapita nthawi Chilekwa anati, "Namvela ati ng'ombe yako ilibe mutu."

"Iyenda bwino."

"Nili na chifuba, mune. Badokota bakamba ati mapapo yasila." Anatsokomola, n'kuwonjeza kuti, "Vija ninakamba mu ofesi, ninali na mantha."

Edwell anakhoma kawiri katatu. Kenako anakankha chitini chopanda kanthu ndi phazi kuti mnzakeyo akhalepo, n'kuitana Elina kuti awonjezere mbale. Elina anaibweretsa mbaleyo, koma anaiika pansi mwamphamvu moti ndiwo zinadumpha.

Anapita limodzi ku ofesi kukapempha mutu wakale. Benedict anali atachotsedwa kale pa mpando ndi anzake omwe, ndipo anali atabwerera ku njinga zake. Mlembi watsopano anawaonetsa mutuwo uli pakona, nkhuku ya mlonda ikufungatira mazira m'kati mwake. Anati ndi katundu wa Chipani, sangautulutse popanda kalata, komanso adikire nkhukuyo iswe. Anadikira milungu iwiri. Kalata sinabwere, koma mlonda anawapatsira pawindo. Dona wathunthu anasewera kanayi kokha. Chilekwa sankathanso kuima nthawi yaitali, moti Edwell ankachita kumunyamula ndi lamba kuchokera kumbuyo, anthu osadziwa. Chilekwa anamwalira mvula itangoyamba chaka chotsatira.

Pa maliro a Mbemba, Angoni ndi ambuya, abale a chinthabwala: ndiwo amaphika, amakumba, ndiponso ali ndi ufulu wonyoza womwalirayo ndi abale ake mmene angafunire. Palibe ankayembekeza kuti Edwell angagwiritse ntchito ufuluwo. Koma bokosi litatsika, anthu anaona kamunthu kopindika msana kakupita kumutu kwa manda, katadzola ufa kumaso.

"Uyu munthu," anatero, "nakhala kumbuyo kwake zaka zambili. Niziba vinthu vamene na bakazi bake sibaziba. Nipempha chabe kuli ba Mbemba: uko ayenda, ngati kuli nyemba, mutume mau bamubise. Bangelo sibanalakwe."

Mkazi wa Chilekwa, amene anali atalira masiku atatu, anaseka mpaka anamugwira. Abusa anatsegula buku n'kulitsekanso. Edwell anatola fosholo n'kuyamba kukwirira, ndipo sanaipereke kwa wina mpaka manda anadzaza. Kuchokera tsiku limenelo ng'ombe sinatulukenso, ya mutu kapena yopanda mutu.

Mu 1990 mwana wake woyamba, Maud, anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Monze, Mtonga, ndipo akuchimuna anapereka ng'ombe zinayi. Anamuitana Edwell kuti akazione. Anakwera basi ndi Elina, atavala jekete lobwereka. Ali m'njira anaulula kwa mkazi wake kuti pa zaka zake makumi asanu ndi ziwiri anali asanaimepo pafupi ndi ng'ombe yamoyo. Zimene ankazidziwa ndi zija zodutsa pa lole ndi zopachikidwa kubutchala.

Atafika, asebere ake anamutengera kukhola mwaulemu waukulu, chifukwa mbiri yake inali itawafika kuti bamboyu ndi katswiri wa ng'ombe ku Lusaka konse. Edwell anapempha mpando. Anakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, chibwano chili pa ndodo, akuziyang'ana zikudya, zikubzikula, zikuyenda pang'ono n'kuimanso. Eni khola anaima pambali akudikira chigamulo, ena akuda nkhawa kuti mwina waona matenda. Pomaliza bambo wa mkwati anafunsa kuti ng'ombezo waziona bwanji.

"Zonenepa, zili bwino," anatero Edwell. "Koma kuyenda siziziba. Kumbuyo kulibe nchito, kungokonkha chabe."

Mkuluyo sanamvetse, anayang'ana Elina. Elina anamuuza kuti amuna ake akuthokoza kwambiri. Ng'ombezo anazisiya komweko kuti asebere aziweta, popeza ku George kunalibe poziika, ndipo Edwell sanapitenso kukaziona. Anabwerera pa mtengo wake wa mango, kumene anakhoma mbaula zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka manja anayamba kunjenjemera.